Januario Ulimbo ndi Njira ya ku Chigayo

Mukafika pa Nsaru n'kutchula dzina la Januario Ulimbo, simudikira nthawi. Wina alavula, wina aseka, ndipo wachitatu, amene kawirikawiri tsikulo kunalibeko n'komwe, akuuzani nkhani yonse. Eti Januario, goloboyi wa kwa Mtsukwa, anapereka fainolo kwa abale ake. Akuti ataona kuti amene akubwera ndi mpira ndi mng'ono wake wa bere limodzi, anachoka pagolo mwadala, n'kukanjuta pambali ngati munthu wotsegula m'mimba, mpira n'kudzilowera wokha. Nkhaniyi yakula moti ngakhale ana amene anabadwa chikho chija chitachita kale dzimbiri amaidziwa. Mwana akagwetsa mbale, amake amati, "Iwe, wayamba za Januario?"

Kunjuta ananjutadi. Mpira unalowadi, ndipo womenya analidi Obadiya, mng'ono wake. Koma pakati pa zinthu zitatuzi pali mayi wina amene anthu a kumeneko amamudumpha ngati chithaphwi akamafotokoza.

Januario anabadwira kwa Kamgwanda, cha ku Nambuma. Mulungu pomuumba anathera dothi lonse m'manja, n'kufika ku miyendo zotsala zili nyenyeswa. Zikhatho zinali ngati mafosholo, miyendo ngati mapesi a mu Okutobala. Akamenya mpira wachikulunga, mpirawo unkapita kumene wafuna, iye n'kugwa chagada. Ndiye anzake anamuika pagolo. Kumudzi pagolo saikapo waluso. Amaikapo wonenepa, wa mphumu, kapena amene amukana matimu onse awiri koma sakufuna kupita kwawo.

Kumeneko n'kumene anadabwitsa anthu. Chilichonse chobwera m'mwamba chinkathera m'manja mwake: mpira, mango oponyedwa kuchokera mumtengo, nkhuku yothawa mpeni. Ankadziponya pa nthaka youma gwa, ya miyala, n'kudzuka chigongono chikuchucha, mpira ataukumbatira ngati khanda. Dzina la Ulimbo linachokera pamenepo. Sukulu anailekera Sitandade 5, aphunzitsi atamuuza kuti masamu sawakhidwa.

Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, bambo wina wa jekete anamuona akusewera pa Mpingu, n'kumutengera m'tauni ku timu ya kampani ina yoyenga mafuta ophikira. Kwa Kamgwanda anaimba nthungululu kuti mwana wawo wapita kukadya ndi mpira. Kudya ankadyadi, koma m'mawa ankasenza matumba a soya, masana n'kupita kokonzekera masewera, ndipo pogona pake panali m'kachipinda kosungira mipira ndi majezi osachapa. Magolovesi m'timu yonse analipo awiri, lamanja ndi lamanzere. Goloboyi wakale atalandidwa malo ndi Januario, anapita nawo kwawo ku Dedza.

Choncho Januario anawakha mipira ya m'tauni ndi manja osavala kanthu kwa zaka zinayi. Chinayamba kuthyoka ndi chala chaching'ono. Kenako chapakati. Kenako chamkombaphala, kawiri. Kochi wawo, a Timothy, anali ndi mankhwala amodzi okha. Ankachigwira chalacho, n'kuchikoka mpaka chilire kuti thwa, n'kuchimanga ndi mphira ya chubu cha njinga.

"Bwerera pagolo," ankatero. "Chala si mutu."

Zalazo zinapola, koma chilichonse chinapolera mbali yake, ngati anthu a banja limodzi amene ayambana pamaliro. Pa wailesi dzina lake linatchulidwapo kamodzi kokha, tsiku limene anamwa zigoli zinayi. Masiku amene sanamwe, woulutsa ankatamanda otchinga kumbuyo.

Kampani ija itagulidwa ndi munthu wosakonda mpira, timu inatha Lolemba m'mawa. Wosewera aliyense anapatsidwa botolo la mafuta kuti akayambire moyo. La Januario linamupulumuka m'manja pa depoti, akukwera minibasi, n'kusweka. Anthu amene analipo akuti anaima nthawi yaitali akuyang'ana zala zakezo.

Apa m'pamene analowerapo a Masudi, mwini sitolo ya malata ndi misomali pa Nsaru. A Masudi ankathandiza timu ya kwa Mtsukwa, yotchedwa Mavu, ndipo Mavuwo ankaluma kutsogolo koma kumbuyo anali ngati dengu lotha. Anamuitana Januario, anamugulira jezi yachikasu, n'kumuika pagolo. Koma goloboyi wabwino amabedwa ngati mbuzi. Akuluakulu a timu anagwirizana kuti chingwe chodalirika ndi banja.

Panali Tamanda, mtsikana wogulitsa zitumbuwa kuseri kwa golo. Tisamunamizire, poyamba anamukondadi. Ankamusungira chitumbuwa chachikulu, n'kumamuseka akamalephera kuchigwira bwino ndi zala zopotokazo. Anakwatirana, Januario n'kulowa chikamwini. Kanyumba kanamangidwa pa malo a amake a Tamanda, munda unali wa amake a Tamanda, ndipo ana amene akanabadwa anali kale a mbumba ya amake a Tamanda. Chake chenicheni pamudzipo chinali mphasa, khasu ndi njinga yopanda mabuleki.

Amake a Tamandawo anali a Nankhoma, mayi wamfupi, wouma, woyenda ngati akupita kukalanda chinthu. Iwo ukwatiwu sanaufune. Tsiku loyamba atamuonera patali mkamwini wawo, anafunsa mwana wawo mokweza kuti nayenso amve.

"Kodi manja amenewo ndi ogwirira khasu kapena okandira mbatata?"

Sanalakwitse kwenikweni. Januario kupalira ankapalira mochedwa, ndipo kusoka fodya kunamukanika chifukwa zala sizinkapinda. Masamba ankang'ambika, ena n'kugwa m'chigafa. Amene ankamutchinjiriza anali a Damiano, mlongo wawo wa a Nankhoma, mwini mbumba, amenenso anali tcheyamani wa timu.

"Msiyeni, achemwali," ankatero a Damiano. "Uyu munda wake ndi pagolo. Tsiku limene adzaleke kukolola pamenepo, tidzaona."

Januario anawamva mawu amenewo, ndipo anawamvetsa. Nyumba, mkazi ndi ana zinali zopachikidwa pa mitengo iwiri ya bulugamu ya pagolo.

Panalinso mtengo wachitatu. Kwa Mtsukwa mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Akakumana nawo panjira amapatuka, n'kunjuta pambali, maso pansi, mpaka adutse. Mabanja ambiri masiku ano zimenezi anazifewetsa, ena mpaka amakwezana pa njinga yamoto. A Nankhoma sanafewetse kanthu. Mwezi wachitatu wa ukwati, Januario akuchokera pa Nsaru ndi thumba la feteleza pa njinga yake ija, anakumana nawo pa kanjira kotsetsereka. Kuima sakanatha. Analiza belu, n'kudutsa akufuula, "Zikomo amayi!"

Belu limenelo linamudyera tambala. Koma tambala sanakwane. A Nankhoma anati munthuyu m'tauni anaiwala mwambo, aphunzitsidwe. Anasonkhanitsa mbumba yonse pabwalo la nyumba yawo masana dzuwa likuswa mtengo. Iwo ankayenda kuchokera ku nkhokwe kupita ku khola, Januario n'kumapatuka, kunjuta, kuwomba m'manja. Anabwereza kasanu. Azimayi ankagwirana mapewa ndi phwete, ana n'kumamutsanzira kumbuyo. Pomaliza a Damiano anati, "Akamwini, mukadzabwerezanso, mphasa yanu mudzaipeza pakhomo."

Kuyambira tsikulo thupi lake linaphunzira. Monga linkadziponyera lokha likaona mpira, linkanjutanso lokha likaona chitenje cha a Nankhoma, ngakhale choyanikidwa pa chingwe.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinadutsa choncho. Kunabadwa Pemphero, kenako Hannah. Mavu anawina mbuzi ku Kabudula, mipira ku Namitete, ndipo Loweruka lililonse anthu ankamunyamula Januario pamapewa kuchoka pabwalo mpaka pa mjigo, n'kumutsitsa pamenepo kuti akatunge madzi a apongozi.

Ndiye kunabwera chaka cha chisankho. Munthu wina wofuna uphungu anaika chikho, yunifomu ndi ng'ombe yamoyo. Matimu anamenyana miyezi iwiri, ndipo otsala anali awiri: Mavu a kwa Mtsukwa ndi timu ya kwa Kamgwanda, kwawo kwa Januario. Maere anagwera kuti fainolo ichitikire kwa Mtsukwa.

A kwa Kamgwanda anabwera pa lole, ndi ng'oma, akuimba nyimbo yonena za mwamuna amene anagulidwa ndi chitumbuwa. Womwetsa zigoli wawo anali Obadiya, wa miyendo yonse imene mkulu wake anamanidwa. Masewera asanayambe anapita kukamupatsa moni, anthu akumva.

"Achimwene, amayi akuti muzikumbukira kumene munayamwa."

"Ukawauze kuti ndinaleka kuyamwa kalekale," anayankha Januario.

Mawu a Obadiya anthu a kwa Mtsukwa amawakumbukira mpaka lero. Yankho lija palibe amene analimva, eti. Palibenso amene amakumbukira kuti chigawo choyamba a kwa Kamgwanda anapatsidwa penate, Obadiya yemweyo n'kumenya ngati akufuna kupha munthu, Januario n'kuuwakha. Chala chapakati chinathyokanso pomwepo. Anachikoka yekha, n'kuchimanga ndi kansalu kong'amba ku chitenje cha Tamanda.

Tsopano mvetsani za bwalolo. Kale unali munda wa amawo a a Nankhoma, ndipo pakati pake pankadutsa njira ya ku chigayo. Pamene anyamata ankalambula bwalo, njirayo sanaisunthe. Imalowa cham'mbali, n'kupendekera ku golo la kum'mawa, n'kutulukira pakati penipeni pa mitengo iwiri ija, poti ukonde kulibe. Tsiku la mpira anthu onse amazungulira. A Nankhoma sanazungulirepo chiyambire. Ankati iwo sangapatukire ana ovala makabudula pa munda wa amawo.

Kutatsala mphindi zochepa, popanda wogoletsa, Januario ali ku golo la kum'mawa, anaona anthu a m'mbali akugawikana. Pakati pawo panatuluka dengu la ufa, ndipo pansi pa dengulo panali a Nankhoma. Sanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Ankatsata njira yawo, ndipo pa njirayo, pakati pa golo, panali pataima mkamwini wawo.

Kuseri kwa phewa lawo Januario anaona chinthu china. Obadiya anali atalanda mpira, wotchinga kumbuyo wagwa, akubwera yekha.

Anali ndi nthawi ya mpweya umodzi. Akaima pomwepo, maso kutsogolo, miyendo tang'a, akhala atawatsekera njira apongozi ndi kuwayang'ana m'maso pamaso pa midzi khumi. Akapatuka, golo likhala pululu. Anamva mawu a a Damiano onse awiri nthawi imodzi, a mphasa ndi a kukolola. Anafuna kufuulira oyimbira kuti aimitse masewera, koma kufuula apongozi ali masitepe asanu n'kumenenso kunamudyera tambala. Mutu usanamalize kuganiza, mawondo anali atagamula kale. Anapatuka, ananjuta pafupi ndi mtengo wa golo, maso pansi, n'kuwomba m'manja mwaulemu, chala chothyokacho chikulendewera.

Obadiya nayenso anasokonezeka, moti anamenya ndi chala chakuphazi. Mpira unagubuduka pang'onopang'ono, woti ngakhale Hannah akanaugwira. Unawapitirira a Nankhoma chakumanzere n'kulowa. Iwo analowa pambuyo pake, ufa osatayika ngakhale pang'ono, n'kumapita kwawo.

Oyimbira anayang'ana kwa wofuna uphungu uja. Wofuna uphungu anayang'ana wotchi yake, poti anali ndi msonkhano wina ku Kabudula. Wezulo inalira, dzanja n'kuloza pakati.

A Masudi okha ndi amene anathamangira m'bwalo akukuwa kuti chigolicho sichoona, munalowa mayi m'bwalo. A Damiano anawagwira pamkono.

"Mayi wake uti, a Masudi?"

"Achemwali anu! Aliyense waona!"

"Ine sindinaone mayi. Inu mwaona mayi?" anafunsa a Damiano, akutembenukira ochemerera.

Ochemererawo theka anali ana, adzukulu ndi akamwini a mbumba yomweyo, ndipo theka linalo linkalima pa malo obwereka kwa a Nankhoma. Anayang'anana. Panalibe amene anaona mayi. A Masudi anakumbukira kuti malata awo amagulidwa ndi anthu omwewa, n'kuyamba kukayika ngati anaonadi bwino.

Ng'ombe inakwera lole dzuwa lisanalowe. Pofika nthawi imeneyo nkhani inali itapsa kale, yongofunika kupakula. Anamuitanitsa Januario pakhonde la a Damiano. A Nankhoma anakhala pa mkeka chapafupi, akupeta nyemba. Iye ananjuta chapatali, atawapatsa mbali.

"Akamwini," anayamba a Damiano, "tiuzeni. Munachokeranji pagolo?"

Januario kuti ayankhe anafunika kuwatchula apongozi, iwo ali pomwepo, n'kuwaloza kuti ndiwo aluzitsa mudzi ng'ombe. Mawu otero m'kamwa mwa mkamwini mulibe.

"Mwaona? Wasowa chonena," anatero wina.

"Magazi ndi magazi," anatero mnzake. "Si munamumva mng'ono wake uja?"

Januario anakweza maso pang'ono kufuna Tamanda. Pa nthawi ya chigolicho iye uja anali kuseri kwa golo lomwelo ndi beseni lake, ndipo amake anamudutsa pafupi moti akanatha kuwagwira chitenje.

"Amake Pemphero," anatero motsitsa, "inu munalipo."

Tamanda anayang'ana amake, n'kuyang'ana ana ake awiri amene anakhala pambali pa agogo awo.

"Ine ndimaingitsa ntchentche pa zitumbuwa," anatero. "Sindinaone."

A Nankhoma anauzira mankhusu m'lichero. "Ine ndinanena kale," anatero, osayang'ana munthu. "Kulima ayi, fodya ayi. Mumati pagolo. Ndi pamenepotu pagolo."

M'mawa mwake mphasa inali pakhomo, khasu pamwamba pake. Jezi yachikasu anabwera kudzaitenga mnyamata wamkulu wa m'timu, amene ankatchinga kumbuyo, yemwe uja anagwa Obadiya akudutsa. Ana anauzidwa kuti akhale m'nyumba. Januario anamanga katundu pa njinga, n'kuikankha kudutsa mudzi wonse, anthu ataima m'makomo. Pafupi ndi mjigo anakumana ndi a Nankhoma akuchokera kotunga. Anagoneka njinga pansi, n'kunjuta.

Kwa Kamgwanda anamulandira ndi ng'oma. Anamunyamula pamapewa, akuimba kuti mwana wabwera, mwana sanaiwale kwawo. Iye ankati, "Ayi, sizinali choncho," iwo n'kumamutsinzinira diso. Ng'ombe inali itaphedwa kale, koma anamusungira mang'ina, eti gawo la amene anathandiza. Amake enieni anamugwira kumaso n'kunena kuti ankadziwa kuti sangawachititse manyazi.

Amene sanaseke anali Obadiya. Chigoli chachikulu cha moyo wake chinali chitasanduka mphatso ya achimwene. Kulikonse kumene wapita ankamufunsa kuti kodi mkulu wako wamuthokoza? Ndiye pamene Januario anapempha kachigawo ka dimba la amawo kuti adzalepo tomato, Obadiya anati dimba ndi la amene anatsala pamudzi.

"Inu si mumakonda kupatuka? Patukaninso," anatero.

Anakhalako miyezi itatu. Matimu ena sanamufune, chifukwa goloboyi wopereka fainolo ndani angamuike pagolo? Anayesa ku Namitete, anamuseka. Ku Mpingu, kumene anatulukira, kochi anamufunsa ngati ali ndi abale ena m'matimu a kumeneko, kuti adziwiretu.

Lero Januario ali pa Njewa, kumene anthu a m'tauni akumanga nyumba zosanjikizana m'minda ya chimanga. Ali ndi zaka makumi anayi ndi mphambu, imvi zayamba, msana wapindika. Ntchito yake ndi kuima pamwamba pa thandala la matabwa, wina pansi n'kumaponya njerwa, iye n'kumawakha. Makontirakitala amamulimbirana, chifukwa ena amaswa njerwa imodzi pa khumi zilizonse, koma iye tsiku limatha osagwetsa ngakhale imodzi. Magolovesi mpaka pano alibe.

Tamanda anakwatiwa ndi wotchinga kumbuyo uja. Pemphero anakwatiwa chaka chatha, ndipo bambo ake anamva kwa wakabaza patapita milungu itatu. A Nankhoma alipo, mano atha koma miyendo ikadali yolimba, ndipo Loweruka amadutsabe pagolo. Mavu asinthapo magoloboyi anayi. Onse amawasankha mosamala, osakwatira pamudzipo.

Chichokereni kwa Kamgwanda, Januario nkhaniyi sanaiyankhepo. Wina akaiyamba, iye ankangoyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Koma mwezi wathawu anamupatsa woponya njerwa watsopano, bambo wina wa pa Nsaru dzina lake Limbikani, wa pakamwa posatseka. Atangomva dzina, anaika njerwa pansi n'kugwira m'chiuno.

"Aaa, ndinu a Ulimbo eni ake? Amene munanjuta aja?" Anaitana amisiri onse kuti abwere adzaone. "Akulu, zaka zapita, ng'ombe inadyedwa, palibe akumangeni. Tangotiuzani. Mng'ono wanu uja munamulekera, eti? Munapanganiratu, kapena chisoni chinangokugwirani pomwepo?"

Amisiri anasiya zopangira matope, akumwetulira, kudikira. Januario anayang'ana pansi kuchokera pa thandala paja. Anayang'ana msewu wa ku Mchinji mbali zonse ziwiri, ngati pangatulukire munthu wosenza dengu. Kenako analavulira m'zikhatho n'kuzitambasula.

"Obadiya sanandigoletsepo chibadwire," anatero. "Anagoletsa ndi apongozi anga, atasenza ufa. Ponya njerwa, iwe."